Mwana akamagwabe, musangowonjezera mapiritsi

Ndimagwira ntchito mu famase ina ku Old Town, chapafupi ndi msewu wa Malangalanga, ndipo ndimakhala ku Falls. Ntchito yanga ndi kuwerenga zimene adokotala alemba m'buku lakuchipatala, kuwerengera munthu mapiritsi ake, n'kumuuza kamwedwe kake. Pa mawu onse amene ndimamva pakauntala, amene amandisowetsa mtendere ndi awa: "Angotiwonjezera mlingo." Onena mawuwa amakhala mayi kapena agogo a mwana wodwala matenda akugwa, atatambasula buku limene masamba ake ada ndi kugwiragwira. Ukaliwerenga kuchokera koyambirira umapeza phenobarbitone, kutsogolo kwake phenobarbitone yemweyo koma wochulukirapo, kenako carbamazepine, kenako sodium valproate pamwamba pa onsewo. Tsamba lililonse adalemba ndi munthu wina, ndipo aliyense adachita zimene akadatha pa mphindi zochepa zimene anali nazo, mzere wa odwala uli panja. Koma palibe tsamba limene wina adalembapo funso loti, kodi mwanayu akugweranji?

Ndinene mosapsatira kuti mapiritsi amenewa ndi abwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matenda a khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atapatsidwa mankhwala oyenera n'kumamwa mosadumphitsa. Phenobarbitone wakhala akugwira ntchito imeneyi kuyambira mu 1912, ndipo ndi wotsika mtengo. Ndikudziwa anyamata amene ankagwa sabata ndi sabata, lero ali pa makina akusoka zovala m'makonde a sitolo za muno mu Old Town, ena adakwatira ali ndi ana. Nkhawa yanga ili pa atatu otsalawo, amene amamwa mankhwala mokhulupirika koma akugwabe. Amenewa tiyenera kuwafufuza, osati kuwaunjikira mapiritsi mpaka aziyenda ali mtulo.

Kugwa ndi chizindikiro chabe chakuti mu ubongo muli chimene chalakwika, ndipo zolakwikazo n'zambiri. Wina adabanika pobadwa. Wina adavulala mutu pangozi ya kabaza. Wina adadwala malungo a mu ubongo ali wamng'ono: kafukufuku wa ku Blantyre wotsogozedwa ndi Gretchen Birbeck, amene adatuluka mu 2010, adatsatira ana 132 opulumuka malungo otere, ndipo 12 mwa iwo adadzayamba matenda akugwa. Wina adameza mazira a njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba, kudzera m'madzi kapena m'chakudya chokhudzana ndi chimbudzi cha munthu, tizilomboto n'kukamanga timatumba mu ubongo. WHO imati m'madera amene njokazi n'zofala, odwala khunyu 3 mwa 10 alionse gwero lake ndi limeneli. Ndiye kumapeto kwenikweni kwa mndandandawu kuli matenda ena osowa, amene ambiri a ife sitidamvepo n'komwe dzina lake, matenda a mitokondiriya. Ndikufuna ndikhalepo pa amenewa, chifukwa amaonetsa poyera pamene njira yathu yothandizira odwala khunyu ili yobooka.

Thupi lathu lidapangidwa ndi tinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa pafupifupi selo lililonse muli tinthu tina ting'onoting'ono kwambiri, mazanamazana kapena masauzande, totchedwa mitokondiriya. Timeneti ndito timbaula ta thupi: nsima imene tadya ndi mpweya umene tapuma zimakapsera m'menemo kuti tipeze mphamvu. Timbaulato tikamayaka mopereweza, mphamvu imachepa ndipo utsi umachuluka. Utsi wakewo ndi asidi wotchedwa lactate, amene amadzadza m'magazi ndi m'madzi a mu ubongo. Ziwalo zoyamba kulira ndi zimene zimadya mphamvu yambiri. Ubongo umalemera magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi, koma umadya magawo 20 a mphamvu yonse. Pambuyo pake pali minofu, mtima, maso, m'kati mwa khutu, ndi kapamba amene amapanga insulin. N'chifukwa chake matendawa amasokoneza: wina amabwera ndi kugwa, wina ndi shuga, wina ndi kugontha, wina ndi kufooka kwa miyendo, ndipo aliyense amakaima pamzere wakewake.

Amalawi kuwonongeka kwa mitokondiriya tidakuona kale ndi maso athu, kungoti sitinkakutchula choncho. Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo piritsi limene lidadzutsa anthu pamphasa linali Triomune. Amene ankalandirira mankhwala ku Lighthouse pa Kamuzu Central kapena ku Martin Preuss pa Bwaila zaka zimenezo akukumbuka chisangalalo chake, komanso akukumbuka madandaulo amene adabwera pambuyo: mapazi kuchita dzanzi ndi kuotcha usiku, masaya kulowa m'kati, matako ndi miyendo kuphwa mimba ikukula, ena kusanza ndi kupuma mwawefuwefu chifukwa cha asidi wochuluka m'magazi. Wolakwa anali stavudine, mmodzi mwa mankhwala atatu a mu piritsilo. Iye amatsekereza kachipangizo ka m'thupi kotchedwa polymerase gamma, kamene ntchito yake ndi kuchulukitsa ndi kukonza DNA ya mitokondiriya. Anamwino athu adaphunzira kuzindikira zizindikirozo, adaphunzira kusintha mankhwala, ndipo kuyambira mu 2011 dziko lino lidayamba kusamukira ku tenofovir. Choncho pasakhale wonena kuti nkhani ya mitokondiriya ndi yapamwamba kwambiri kwa azaumoyo a kuno.

Tsono alipo ana amene amabadwa kachipangizo komweko kali kolakwika kale. Vuto lake limatchedwa POLG, ndipo mtundu wake woopsa kwambiri ndi matenda a Alpers, amene Bernard Alpers adawafotokoza mu 1931. Mwana amabadwa bwinobwino, amakhala, amakwawa, mwina n'kuyamba kuyenda, kenako kugwa kumayamba, kosamva mankhwala, ndipo amayamba kuiwala zimene adaphunzira kale. Mwana wotere ukamupatsa sodium valproate, chiwindi chake chikhoza kuwonongekeratu m'masabata kapena m'miyezi yochepa, n'kumwalira. Chenjezo limeneli lidalembedwa pakapepala kamene kamakhala m'bokosi la mankhwalawa. Koma ndani amakaona kapepalako? Odwala athu ambiri amalandira mapiritsi m'kajumbo kakang'ono ka pulasitiki kojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Ndipo taonani mmene mndandanda uja umayendera: mwana amene sakumva phenobarbitone, sakumva carbamazepine, ndi amene amafika pa valproate. Ndiye kuti mwana amene mankhwalawa angamuphe ndi yemweyo amene njira yathu imamukankhira komweko.

Wowerenga amene mukumwa valproate kapena mukumwetsa mwana wanu, musasiye chifukwa cha zimene ndalembazi. Kwa anthu ochuluka ndi mankhwala amphamvu ndi othandiza, ndipo kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa kosalekeza kumene kumapha. Chimene ndikupempha n'chakuti asanalembedwe, pakhale mafunso.

Pali banja lina limene lakhala likugula mankhwala kwa ife kwa zaka, lochokera ku umodzi mwa ma Area a mipanda ya njerwa. Bambo ake amagwira ntchito m'boma. Mayi ake ndi munthu wochepa thupi, wamfupi, wodwala shuga kuyambira ali mtsikana, ndipo polankhula nawo umayenera kukweza mawu n'kuwayang'ana kumaso chifukwa samva bwino. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 2 adayamba kudandaula mutu waching'alang'ala wobwera ndi kusanza. Tsiku lina atadwala chimfine ndi kutentha thupi adagwa, ndipo atatsitsimuka sankaona chilichonse cha kudzanja lake lamanja. Ankagunda mphuthu za zitseko. Adamujambula mutu, yankho n'kukhala lakuti ndi sitiroko. Sitiroko kwa mwana wa Fomu 2, wopanda BP, wopanda vuto la mtima. Adamupatsa aspirin ndi mankhwala akugwa. Maso adabwerera pang'onopang'ono. Patapita miyezi adagwanso, ulendo uno n'kusokonezeka mutu, osamva zolankhula za anthu.

Mankhwala a mayi ndi a mwana ankatulukira pakauntala imodzi, koma m'mabuku awiri, olembedwa kuzipatala ziwiri. Amene adalumikiza nkhanizi ndi dokotala wina amene, pofunsa za mwanayo, adaona kuti mayi akutchera khutu limodzi n'kumati, "Mwati bwanji, adokotala?" Adasiya za mwana n'kuyamba kufunsa mayiwo. Shuga mudayamba liti? Kwanu alipo wina wosamva? Zidapezeka kuti mlongo wawo wa mayiwo, malume ake a mtsikanayo, adagontha asanakwane zaka 40, ndipo agogo aakazi adamwalira ndi shuga ali owonda. Dokotalayo adaitanitsa zithunzi zonse, zakale ndi zatsopano.

Bambo aja adabwera nazo kufamase mu envulopu yaikulu yakhaki. Adatulutsa ziwiri n'kuzigunditsa pagalasi la chitseko kuti kuwala kwa panja kudutse, n'kundilozera ndi chivindikiro cha bolopeni monga adawalozera dokotala. Pa chithunzi choyamba panali chigamba choyera kunkhongo, mbali ya kumanzere. Pa chachiwiri chigamba chija chinali chitazirala, pamalo pake ubongo utaphwa pang'ono, koma panali china chatsopano mbali ya kumanja, chapamwamba pa khutu. Adati, "Achimwene, akuti bala likuyenda." Dzanja lawo linkanjenjemera, chithunzi chikugogoda pagalasi.

Kuyenda kwa balalo ndiye mfundo yonse. Mtsempha uliwonse wa magazi mu ubongo uli ndi dera lake limene umadyetsa. Ukatsekeka, dera lomwelo ndi limene limafa, malire ake amaoneka bwino pachithunzi, ndipo chipsera chimakhala pomwepo moyo wonse. Imeneyo ndiye sitiroko imene timaidziwa mwa akuluakulu a BP. Koma pali matenda a mitokondiriya otchedwa MELAS, amene Steven Pavlakis ndi anzake ku America adawapatsa dzinali mu 1984, amene bala lake silisamala malire a mitsempha. Limakonda kunkhongo, kumene kuli mbali ya ubongo yoonera, ndi m'mbali chakumakutu. Limadya kwambiri chikhungwa chakunja cha ubongo. Limatha kufalikira m'masabata angapo, kuzirala, n'kudzatulukira kwina. Mitsempha imakhala yotseguka bwinobwino. Chimene chachitika n'chakuti maselo a pamalopo, amene mphamvu yawo ndi yopereweza kale, athedwa ndi kugwa kumene kukuchitika m'kati mwawo. Akatswiri a matendawa atakumana n'kutulutsa malangizo awo mu 2019 adagwirizana kuti kugwako ndi kumene kumayendetsa balalo, ndiye chofunika mwamsanga ndi kuletsa kugwa, osati kusungunula magazi. Nthawi zina kugwako sikuoneka n'komwe kunja: wodwala amangoona timoto tothwanima mbali imodzi, mutu ukuwawa, akuyankha zosagwirizana. Makina a EEG, oyeza kayendedwe ka mphamvu ya mu ubongo, ndi amene amakugwira.

Makina a CT amagwiritsa ntchito X-ray, ndi achangu, ndipo amaona bwino magazi otayikira m'mutu, chotupa chachikulu, ndi timiyala totsala pamene padafera tizilombo ta njoka zija. Mwa odwala MELAS nthawi zina amaonetsa laimu ataunjikana pakatikati pa ubongo mbali zonse ziwiri. Koma bala loyenda lija amene amalionetsa bwino ndi makina a MRI, ogwiritsa ntchito maginito, ndipo ena mwa makinawa amatha kuyeza ngakhale lactate wa mu ubongo momwemo. Mwa makanda muli mtundu wina, umene Denis Leigh wa ku London adaufotokoza mu 1951, umene chithunzi chake chimaonetsa mabala awiri ofanana ndendende, kumanzere ndi kumanja, pakatikati pa ubongo ndi patsinde pake, pamene pamalamulira kupuma ndi kumeza. Wodziwa kuwerenga zithunzi akaona kufanana koteroko mwa mwana amene wasiya kukhala kapena kuyamwa atadwala matenda wamba, amadziwa koyang'ana. Koma chithunzi chimodzi chowerengedwa ndi munthu amene sadauzidwe msinkhu wa wodwala, sadaone chithunzi chakale, sadamve za mayi wosamva ndi malume wogontha, chimabweretsa yankho loti sitiroko, ndipo banja limabwerera kunyumba ndi aspirin.

Banja lija lidatumiza magazi ndi mkodzo wa mwana ku South Africa ndi ndalama zawo, ndipo yankho lidatsimikiza. DNA ya mitokondiriya ndi yaifupi, ili ndi zilembo 16,569 zokha, ndipo mwa mtsikanayu chilembo cha nambala 3243 chinali chosinthika. Kusinthika kumeneku adakutulukira ndi Yu-ichi Goto ndi anzake ku Japan mu 1990, ndipo kumapezeka mwa odwala MELAS 8 mwa 10 alionse.

Apa pali chinthu chimene ife Achewa tiyenera kuchimva msanga kuposa mitundu ina. Mitokondiriya timatengera kwa mayi okha. Mwana wamwamuna amalandira kwa mayi ake, akhoza kudwala, koma sapatsira ana ake. Mwana wamkazi amapatsira ana ake onse. Ndiye kuti matendawa amayenda m'bere limodzi, mu mbumba: agogo aakazi, ana awo, ana a ana awo aakazi. Munthu amene amadziwa mbiri ya mzere umenewu, amene amadziwa kuti uje adamwalira bwanji ndipo uje adayamba liti kusamva, ndi mwinimbumba, malume. Timawaitana pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa maliro. Sitiwaitana mwana akadwala matenda osamvetseka, pamene zimene akudziwazo zikhoza kuposa chithunzi cha ndalama zambirimbiri. M'banja limodzi matendawa amaluma mosiyana, chifukwa dzira lililonse la mayi limatenga mitokondiriya abwino ndi olakwika pamlingo wakewake. Wina amatenga olakwika ochepa n'kukalamba ali bwinobwino, mbale wake bere limodzi n'kutenga ochuluka.

Mfundo yomweyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo ndidaiona. Matenda a mtsikana uja asanadziwike, manong'onong'o a achibale anali pa bambo: nyumba ya mpanda adaimanga bwanji, galimoto adaigula bwanji, wakhwimira mwana ameneyu. Si zachilendo, m'ma Area muno mwana wa munthu wopeza bwino akamagwa, anthu amaloza chuma cha atate ake. Yankho litabwera, chala chidatembenukira kwa mayi: ndi matenda akwanu awa, mwatibweretsera. Mayi amene iwonso akudwala, amene sadasankhe dzira limene lidzakhale mwana, amene adalandira kwa mayi awo mosadziwa monga tonse timalandirira khungu ndi msinkhu. Akuchimuna amene mumafulumira kunena zotere, dziwani kuti si matenda onse a mitokondiriya amene amachokera kuchikazi. Ambiri mwa amene amagwira ana aang'ono, kuphatikizapo POLG uja, amafuna kuti bambo ndi mayi onse awiri apereke mbali yolakwika, iwo eni ali athanzi. Dokotala amene akupereka yankho lotere asamalipereke kwa mayi yekha pakhonde la wodi. Aitane bambo, aitane ankhoswe ngati kungatheke, afotokoze onse akumva.

Wina afunsa, ndipo ndi funso lachilungamo: poti matendawa alibe mankhwala ochiziratu, kudziwa dzina lake kuthandiza chiyani? Kumathandiza kudziwa zoyenera kupewa. Valproate ndatchula kale. Metformin, piritsi loyamba limene pafupifupi aliyense wa shuga amapatsidwa kuno, amawonjezera lactate, ndiye mayi ngati aja ayenera kupatsidwa mankhwala ena. Jakisoni wa gentamicin, amene ali m'chipatala chilichonse, akhoza kumaliza makutu amene ayamba kale kufooka. Kumathandizanso kudziwa kuti wodwalayu sayenera kukhala ndi njala kapena ludzu, ndipo kutentha thupi, kutsegula m'mimba kapena malungo kwa iye ndi nkhani yothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Ndine munthu wopemphera, ndipo sindinyoza amene amakwera phiri kukapempherera mwana wawo. Koma abusa ndi aneneri amene mumalamula odwala kusala kudya masiku angapo, kapena kutaya mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, dziwani kuti mwana wa matenda awa kusala kudya kungamugwetse osadzukanso. Salani inuyo, mwanayo adye ndipo amwe mankhwala ake. Kudziwa dzina la matenda kumachititsanso kuti mtima, impso, shuga ndi makutu ziziyezedwa chaka ndi chaka, komanso kuti alongo ndi ang'ono ake a wodwala auzidwe zoona asanayambe kubereka. Ndipo kumatseka pakamwa oloza ufiti, kumaletsa banja kugulitsa munda kuti lilipire asing'anga otemera mwana mphini thupi lonse.

Mtsikana uja ali moyo. Amamwa levetiracetam, amene makolo ake amachita kugula mwezi ndi mwezi, kugwa kudachepa kwambiri, ndipo adabwerera kusukulu ngakhale kuti makutu ake ayamba kufooka. Zonsezi zidatheka chifukwa bambo ake adali ndi pokongola ndalama. Nanga mwana wa mlonda amene amatsegula geti ya nyumba yomweyo, amene amagona ku Mtandire kapena ku Kauma? Mpanda wa njerwa suletsa matendawa kulowa kapena kutuluka. Kafukufuku wa ku Newcastle, kumpoto kwa England, adapeza mu 2015 kuti munthu wamkulu mmodzi mwa 4,300 alionse ali ndi vuto lachibadwa lokhudza mitokondiriya. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe. Titati tifanane nawo a ku England aja, ndiye kuti mumzinda muno mokha muli akuluakulu oposa 100 otere, osawerengera ana. Ali m'mabuku athu pansi pa mayina ena: khunyu, sitiroko, shuga, kupuwala, misala.

Ndikudziwa chimene anzanga azaumoyo anene, chifukwa timakambirana. Adzati dziko limene phenobarbitone amatha m'zipatala zazing'ono, dziko limene amayi akuberekera pansi, lisataye nthawi ndi matenda a munthu mmodzi pa anthu masauzande. Ndikadavomera zikadakhala kuti ndikupempha za ku Britain, kumene mu 2015 adakhazikitsa lamulo lolola kuika mitokondiriya a mayi wina m'dzira, ndipo mu July 2025 madokotala a ku Newcastle adalengeza kuti ana 8 abadwa mwa njira imeneyi. Sindikupempha zimenezo. Ndikupempha njira yoti wodwala khunyu amene mankhwala awiri amukanika adutsemo, ndipo njira imeneyo sigwira MELAS yekha. Pa ana 100 odutsamo, mwina mmodzi ndi amene adzapezeke ndi vuto la mitokondiriya. Enawo adzapezeka ndi timatumba ta njoka timene tili ndi mankhwala, chotupa chimene chikhoza kuchotsedwa, madzi odzadza m'mutu, chifuwa chachikulu cha mu ubongo, kapena zidzadziwika kuti sikunali kugwa kwa khunyu n'komwe. Chipatala chimene chingathe kugwira matenda osowa chimakhala chitagwira kale ofala onsewo.

Ndipo tili ndi umboni wa kwathu konkuno wa zimene chithunzi cha ubongo chingachite. Mu 2008 makina a MRI adafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kudzera mu ntchito ya Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene wakhala akufufuza malungo mwa ana a ku Malawi kuyambira m'ma 1980. Maginito ake anali a mphamvu yochepa poyerekeza ndi a kunja, koma ndi makina amenewo, zithunzi zikuwerengedwa ndi Mmalawi Sam Kampondeni ndi anzake, gulu la Karl Seydel lidayankha funso limene lidazunguza madokotala kwa zaka zoposa 100: kodi malungo a mu ubongo amapha bwanji mwana? Mu 2015 adalengeza kuti pa ana 168 amene adajambulidwa, 25 adamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri mpaka kupanikiza tsinde lolamulira kupuma. Dziko lonse lidaphunzira zimenezi kuchokera ku Blantyre. Pachipatala pomwepo adayesanso kamakina ka MRI koyenda ndi matayala, kokankhira pabedi la wodwala. Anzathu a ku Zambia nawo adayamba mu 2018 kuphunzitsa okha madokotala a ubongo ndi mitsempha pa University Teaching Hospital ku Lusaka, pamene kuno madokotala otere tikhoza kuwawerenga ndi zala.

Makina paokha sachiza, ndipo pano pali chinthu chimene chimandipweteka. Odwala khunyu ambiri safunika kujambulidwa, ndipo ambiri akajambulidwa chithunzi chimatuluka chabwinobwino. Komabe ndimaona anthu a ndalama akulipira kujambulitsa mutu chifukwa cha litsipa la masiku awiri, pamene mwana amene wasiya kuyenda, amene akugwa mbali imodzi ya thupi, akudikira miyezi. Woyenera kujambulidwa asankhidwe ndi zizindikiro, osati ndi thumba. Zizindikirozo si zovuta kuziloweza: kugwa kosamva mankhwala awiri omwedwa bwino, kugwa kogwira mbali imodzi, mwana kubwerera m'mbuyo pa zimene ankatha, sitiroko mwa munthu wosakwana zaka 40, kugwa kobwera pamodzi ndi kugontha, shuga, kusaona, kupinimbira kapena kufooka kwa minofu, ndiponso abale a bere limodzi odwala mofananamo. Namwino kapena kiliniko ofesala aliyense akhoza kufunsa zimenezi pa mphindi zitatu. Kuyeza lactate kumatheka ndi kamakina konga koyezera shuga, ngakhale kuti yankho labwino silitanthauza kuti matendawa palibe.

Inunso makolo muli ndi mbali yanu. Pa depoti munthu akagwa, anthu amaima patali kuopa malovu ake, wina akuthamangira sipuni yoti amukanulire pakamwa, achinyamata atatulutsa mafoni. Malovu sapatsira khunyu, ndipo sipuni imathyola mano. Mugonekeni chammbali, muchotseni pafupi ndi moto, madzi kapena msewu, muikireni chofewa kumutu, ndipo kugwako kukapitirira mphindi 5 thamangirani kuchipatala. Foniyo igwire ntchito kunyumba: mwana wanu akagwa, wina amuteteze, wina ajambule kanema wokaonetsa dokotala yekha, chifukwa mmene kugwa kwayambira, mbali imene maso atembenukira, dzanja limene layamba kugwedezeka, zimamuuza dokotala malo a vuto mu ubongo. Zithunzi za mutu musazitaye kapena kuzisiya kuchipatala. Zisungeni mu envulopu yake, pouma, ndipo muzipita nazo zonse ulendo uliwonse. Mukapita kumudzi, khalani pansi ndi malume ndi azakhali, mufunse za odwala ndi omwalira a mbali zonse ziwiri, mulembe.

Mu May 2022 mayiko a m'bungwe la WHO, Malawi ali momwemo, adavomereza ndondomeko ya zaka 10 yolimbana ndi khunyu ndi matenda ena a ubongo, imene cholinga chake china ndi chakuti pofika 2031 chithandizo cha khunyu chifikire anthu ochuluka ndi theka kuposa mu 2021. Mu 2023 WHO idaika levetiracetam pamndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Mankhwalawa savutitsa chiwindi ngati valproate, sakangana ndi ma ARV ngati carbamazepine ndi phenobarbitone, ndipo ndi otetezeka kwambiri kwa mayi woyembekezera, pamene valproate amapundula mwana mmodzi mwa 10 alionse obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa.

Kuchokera pakauntala yanga kukafika ku Capital Hill ndi ulendo wa minibasi imodzi, ndiye ndilankhule ngati ndafika. A Unduna wa Zaumoyo, lembani lamulo losavuta, lopachikidwa pakhoma la chipatala chilichonse, lakuti wodwala amene mankhwala awiri amukanika atumizidwe ku chipatala chachikulu, ndipo mwana wamng'ono amene akubwerera m'mbuyo asayambitsidwe valproate asanaonedwe ndi dokotala wa ana. Pa Kamuzu Central pakhale tsiku lodziwika la odwala otere, kujambula kwawo kukhale kwaulere, zithunzi zisungidwe pa kompyuta kuti chakale chizipezeka, ndipo zovuta zizitumizidwa pa intaneti kwa akatswiri a ku Blantyre kapena kunja. A Central Medical Stores Trust, gulani levetiracetam. A sukulu ya ukachenjede ya zaumoyo ya KUHeS, yambani kuphunzitsa madokotala a ubongo monga achitira a ku Lusaka. Ndipo inu aphungu a mzinda uno, bajeti ya zaumoyo ikadzafika m'Nyumba ya Malamulo, imirirani mufunse kuti mwa ndalamazo, za odwala khunyu ndi zingati.